Mpingasamawu ndi Mwambo wa Chilapi

Aphunzitsi ambiri a Chichewa amakonzera ophunzira awo sewero la mabokosi limene Angerezi amalitcha crossword, m'mene munthu amadzaza mawu opingasa ndi mawu otsitsa potsata timafunso tolembedwa pambali. Mapepala angapo a sewero lotere, okonzedwa ndi aphunzitsi a m'dera la Chimbiya m'boma la Dedza, ndiwo maziko a zimene tikambe pano. Ntchito ya aphunzitsiwa ndi yotamandika, pakuti anaigwira popanda buku lowatsogolera, ndipo mawu ambiri anawatola pafupi pomwepo: pamsika, m'dimba ndi m'mbali mwa msewu wa M1 umene umadutsa pamalopo kuchokera ku Lilongwe kupita ku Dedza. Komabe mapepalawa aonetsa poyera vuto limene si la aphunzitsi a ku Chimbiya okha ayi. Seweroli analisoka poyeza chilankhulo china, ndipo ife tikulivala monga momwe linabwerera, osalibweza kapena kulitambasula kuti litikwane.

Mfundo yathu ndi yakuti sewero limeneli lidzathandiza Chichewa pokhapokha bokosi lake litamvera kaumbidwe ka mawu athu, ndipo timafunso take titatsata mwambo wa chilapi, umene umalola munthu kubisa yankho koma sumulola kunama. Nkhaniyi ikukhudza alembi, akonzi ndi aphunzitsi mofanana, chifukwa mwana amene walemba mawu molakwika m'mabokosi, mabokosiwo n'kumuvomereza, sadzamvanso za mphunzitsi womuuza kuti kalembedwe kameneko n'kolakwika.

Dzina la seweroli

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, tsono ndi bwino kudziwa kumene mlendoyu anachokera. Crossword yoyamba ya mtundu umene tikuudziwa lero inatuluka m'nyuzipepala ya New York World pa 21 Disembala 1913, ndipo anaikonza ndi Arthur Wynne, mbadwa ya ku Liverpool. Ku Britain seweroli linakula n'kusanduka luso lozimbaitsa mawu, kotero kuti mu 1966 D.S. Macnutt, amene ankadzitcha Ximenes m'nyuzipepala ya The Observer, analemba buku lathunthu lofotokoza za chilungamo chimene chiyenera kukhalapo pakati pa wokonza ndi wodzaza mabokosi.

Kunena kuti "sewero la mawu opingasa ndi otsitsa" ndi kufotokoza chabe, si kutcha dzina. Choncho m'nkhani ino tigwiritsa ntchito dzina lakuti mpingasamawu, limene taliumba potengera mayina ozolowereka kale monga mtanthauziramawu. Likhala m'gulu la Mu-Mi, ndipo pochulukitsa tizinena kuti mipingasamawu. Kachiganizo kotsogolera wodzaza ku yankho tikatcha kalozera. Sitikatcha funso chifukwa nthawi zambiri sikafunsa kanthu; sitikatchanso tanthauzo chifukwa ntchito yake ndi kuloza kumene kuli yankho, osati kulitula m'manja mwa munthu. Mayina awiriwa tikuwapereka kuti owerenga awayese pakamwa ndi m'kalasi. Akakanika, papezeke ena oposa amenewa.

Bokosi silidziwa kukhululuka

Polemba kalata kapena chimangirizo, munthu akhoza kulemba "mau" pamene mnzake walemba "mawu", owerenga n'kumva zonse ziwiri osadandaula. Mu mpingasamawu mulibe mwayi wotero, pakuti "mau" afuna mabokosi 3 pamene "mawu" afuna mabokosi 4. Chimene m'chimangirizo chili nkhani ya chizolowezi, m'mabokosi chimasanduka nkhani ya kukhoza kapena kulephera.

Malamulo a kalembedwe tili nawo. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo ake mu 1973, ndipo anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchito ya bungweli inapita m'manja mwa Centre for Language Studies ya University of Malawi mu 1996, ndipo kumeneko kunachokera Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000. Wokonza mpingasamawu alibe chifukwa cholembera mawu mongoganizira. Koma taonani zimene tapeza m'mapepala a ku Chimbiya.

Poyamba pali l ndi r. Lamulo lodziwika ndi lakuti m'kati mwa tsinde la mawu timalemba r patsogolo pa e kapena i, monga mu dera, mbiri ndi sewero, ndipo timalemba l m'malo ena, monga mu khola, fulu ndi mbalame. Pepala lina lili ndi DELA mopingasa, ndipo pa bokosi lachitatu payambira LIMA motsitsa. Wophunzira amene akudziwa lamulo n'kulemba DERA adzapeza RIMA, mawu amene kulibe, ndipo adzafufuta zolondola kuti alembe zolakwika. Cholakwacho sichingakonzedwe ndi cholembera chofiira, chifukwa chamangidwa ngati mzati wa nyumba: kuchizula ndi kugwetsa denga.

Kachiwiri pali nkhodolero, kachizindikiro ka m'mwamba kaja ka mu ng'ombe. Pepala lina lapatsa ng'ombe mabokosi 6, kutaya nkhodolero. Lina laipatsa mabokosi 7, nkhodolero n'kukhala ndi bokosi lakelake limene mawu otsitsa sangadutsemo. Njira yoyamba ndiyo yoopsa. Popanda nkhodolero, ng'oma imene timaimba isanduka ngoma, gule wa Angoni amene anthu a m'boma la Dedza amamudziwa bwino. M'bale wako asanduka mbale yodyeramo nsima. Mphunzitsi amatha chaka chonse kuphunzitsa ana kuti ng' ndi ng ndi maliwu awiri osiyana, kenaka sewero la Lachisanu masana n'kuwauza kuti kusiyanako kulibe ntchito.

Kachitatu pali lembo la h. Kola ndi khola ndi mawu awiri, chimodzimodzinso pala ndi phala, ndipo chowasiyanitsa ndi mpweya umene h akuimira. Koma h wa mu chimanga saimira mpweya umenewo. Iye ndi theka chabe la lembo limodzi la ch, limene Buku Lopatulika la mu 1922 linkalemba ndi c yekha, monganso amachitira abale athu a ku Zambia polemba Cinyanja. Mabokosi a lembo limodzilimodzi amalola h wa khola kukumana ndi h wa chimanga ngati kuti ndi munthu mmodzi. Diso limavomereza, koma khutu la mwini chilankhulo silimva chilichonse chofanana pamenepo.

Lembo kapena phatikizo?

Pali vuto lina lozama kuposa kalembedwe. Mawu onse a Chichewa amathera ndi a, e, i, o kapena u, ngakhale obwereka amene monga sukulu, buku, kabichi ndi feteleza. Pamene mawu ochuluka amayamba ndi lembo lopanda liwu, oyamba ndi lembo la liwu ndi ochepa. Zotsatira zake n'zakuti bokosi lomaliza la mawu opingasa silingakhale chiyambi cha mawu otsitsa pokhapokha wokonza atapeza mawu onga ana, ife, uta, ufa, uchi kapena imfa. Ndiye chifukwa chake timawu timeneti tikubwerabwera pa pepala lililonse ngati alendo osatsanzika. Wokonza akatopa nato amathawira ku zidule monga MBC ndi ADMARC, kapena amalowetsa mawu a Chingerezi pakona pamene Chichewa chakana kulowa. Pamenepo sewero limene cholinga chake chinali kukometsa chilankhulo limayamba kuphunzitsa ana kuti chilankhulo chawo n'choperewera.

Si ife oyamba kukumana ndi zoterezi. Anthu a ku Wales amaika ch, dd, ll ndi ng m'bokosi limodzi chifukwa kwa iwo lililonse la amenewa ndi lembo limodzi. A ku Netherlands amachita chimodzimodzi ndi ij. Ku Japan bokosi lililonse limalandira chilembo choimira phatikizo lathunthu, ndipo ku Italy kuli mtundu wa mpingasamawu umene amadzaza ndi maphatikizo. Aliyense wa amenewa anatenga sewero la Wynne n'kulipinda kuti ligwirizane ndi chilankhulo chake.

Ife tikuti Chichewa chiyenera mpingasamawu wa maphatikizo. Mwana wa m'Sitandade 1 amaphunzira kuwerenga polumikiza maphatikizo, ba be bi bo bu, ndipo munthu wamkulu akamatchula mawu pang'onopang'ono kuti mnzake alembe amadula pa phatikizo, osati pa lembo. Bokosi likalandira phatikizo, mavuto ambiri amene tatchula aja amatha okha. NG'O-MA ndi NGO-MA sizingasokonezeke, chifukwa nkhodolero ili m'kati mwa bokosi loyamba pamodzi ndi anzake. KHO-LA ndi KO-LA zisiyana pa bokosi loyamba lomwelo. MBA-LE atenga mabokosi 2 pamene M'-BA-LE atenga 3, monga momwe khutu limamvera. Mapeto a mawu ena akhoza kukhala chiyambi cha ena: KA-BI-CHI mopingasa apereka CHI woyambira CHI-MA-NGA motsitsa, ndipo NYE-MBA apereka MBA woyambira MBA-TA-TA.

Chitsanzo china cha pamsika pomwepo chitithandiza. Mbatata ija imene imachita bwino m'mapiri ozizira a Dedza ena amaitcha kachewere, ena mbatatesi. Mawu onse awiri ali ndi malembo 9, ndipo onse awiri lembo lawo la nambala 7 ndi e. Ngati mawu otsitsa adutsa pa bokosi lokhalo, ophunzira awiri akhoza kulemba mayankho osiyana, onse n'kukhala olondola, koma mphunzitsi n'kuchonga mmodzi yekha. Mu mpingasamawu wa maphatikizo KA-CHE-WE-RE ndi MBA-TA-TE-SI alibe bokosi ngakhale limodzi lofanana, tsono mawu amodzi okha odutsapo akwanira kudula mlandu.

Tisabise kuti njirayi ili ndi mtengo wake. Malembo amene timagwiritsa ntchito ndi 24, kupatula q ndi x, pamene maphatikizo ndi ochuluka kwambiri, kotero kupeza mawu awiri okumana pa phatikizo limodzi kumafuna khama. Mabokosi nawonso ayenera kukula kuti NKHWA kapena NTCHE akwanemo. Komanso lamulo la l ndi r liyenera kusamalidwabe, pakuti RA ndi LA ndi mabokosi osiyana. Koma maphatikizo onga ku, chi, ma, ka, la ndi mba ali ponseponse m'mawu athu, ndipo khama limene wokonza angachite powafunafuna ndi khama lochitikira m'kati mwa Chichewa, osati lothawira kunja.

Zimene chilapi chimatiphunzitsa

Tsopano tifike pa kalozera, amene ndiye mtima wa seweroli. Makolo athu analibe mabokosi, koma luso lobisa yankho m'mawu ochepa anali nalo kalekale. Ernest Gray anasonkhanitsa zilapi za Anyanja n'kuzisindikiza mu Bantu Studies mu 1939, ndipo Steve Chimombo anasanthula zaluso za pakamwa za ku Malawi m'buku lake la mu 1988. Koma mwambo weniweniwo aliyense wokulira kumudzi amaudziwa. Woponya amati "Chilape!" omvera n'kuyankha kuti "Nachize!" Akalephera onse, amalipira ng'ombe ya pakamwa chabe kuti woponyayo aulule yankho. Apa ndiye pagona mfundo yaikulu. Yankho likaululidwa, omvera amaliyeza ndi chilapicho, ndipo ngati silikugwirizana nacho amakana, ng'ombe yawo n'kukhala yopita pachabe. Woponya chilapi amaweruzidwa ndi omwe wawagonjetsa.

Taganizani za chilapi chodziwika cha nyumba yopanda khomo, chimene yankho lake ndi dzira. Mulibe bodza m'menemo. Dzira ndi nyumba ya mwanapiye, ndipo khomo lilibedi. Womvera amasokera chifukwa mawu akuti nyumba amutengera ku udzu ndi njerwa, koma akamva yankho amadziseka yekha, sakwiyira woponya. Kalozera wabwino ayenera kuchita zomwezo: asokeretse maganizo, koma liwu lililonse la m'kati mwake likhale loona, ndipo yankho likhale limodzi.

Tikayeza akalozera a m'mapepala a ku Chimbiya ndi muyeso umenewu, ambiri akugwera m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la kumasulira. Wokonza alemba dzina la Chingerezi la mbewu kapena chiwiya, n'kuuza mwana kuti apereke la Chichewa. Kalozera wotere amayesa Chingerezi cha wophunzira, osati Chichewa chake, ndipo amaika chilankhulo chathu pa malo a wantchito wongoyankha zimene bwana wanena. Kuwonjezera apo, yankho silikhala limodzi, chifukwa chimene wina akuti phwetekere mnzake akuti matimati.

Gulu lachiwiri ndi la tanthauzo lotayirira, monga lakuti "Nyama ya miyendo inayi (4)". Galu, fisi, bulu ndi fulu onse akwanamo. Wodzaza sangapeze yankho mwa kuganiza. Ayenera kudikira kuti mawu ena amupatse malembo, ndipo akalipeza palibe chimene chimamusangalatsa. Chilapi chotere pabwalo sangachilipire ng'ombe.

Gulu lachitatu ndi la mwambi wodulidwa, monga "Safunsa anadya ____". Ameneyu ali ndi malo ake, makamaka m'makalasi aang'ono, chifukwa amakumbutsa ana miyambi. Koma amayesa kuloweza kokha. Amene akuudziwa mwambiwo sachedwa, amene sakuudziwa alibe poyambira. Awiri kapena atatu pa pepala limodzi akwanira. Akapitirira apo, mpingasamawu wasanduka mayeso ovala chigoba cha sewero.

Chuma chimene chili m'chilankhulo chathu

Chodandaulitsa n'chakuti Chichewa chili ndi njira zakezake zosewerera ndi mawu zimene mapepalawa sanazikhudze. Titchula zinayi, ndi zitsanzo zimene tapeka kuti zionetse njira. Manambala a m'zitsanzomu akuwerenga maphatikizo.

Njira yoyamba ndi ya mawu olembedwa mofanana koma a matanthauzo awiri. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo zimenezi, zimene nthawi zina zimavutitsa owerenga, ndi mphatso kwa wokonza mpingasamawu. Ponena za mtengo wa m'nkhalango liwu limakwera pa phatikizo lapakati, pamene ponena za mtengo wa pamsika silikwera. Papepala ndi mawu amodzi. Tsono kalozera akhoza kunena kuti, "Nyani amaukwera, feteleza amaukweranso (3)." Mlimi aliyense wa kachewere akamva yankho adzaseka, mwina mowawidwa mtima, koma sadzanena kuti wanamizidwa. Wina ndi uyu: "Aliyense ali nalo, koma amene ali nalo saona (2)." Yankho ndi khungu. Winanso: "Wapaulendo amamunyamula, koma iye amanyamula nyumba yake (2)." Ameneyo ndi kamba, chakudya cha panjira ndiponso nyama ija imene ena amaitcha fulu.

Njira yachiwiri ndi ya kuchotsa kapena kuwonjezera phatikizo la kumayambiriro. Mayina athu amasintha kukula ndi kuchepa ndi phatikizo limodzi lokha, ndipo mawu ambiri abisa mawu ena m'mimba mwawo. Dzina lenilenilo la Chimbiya, tikalimva ndi khutu la wosewera, ndi mbiya imene yakula. Kalozera wake akhoza kukhala, "Mphika waukulu wa mowa pamene maminibasi amaima (3)." Nachonso chimanga chili ndi chinsinsi: "Mbewu imene mukaidula mutu isanduka ntchito ya mmisiri wa nyumba ndi ya wapolisi (3)," pakuti onse awiri amamanga. Ngakhale nkhodolero ija ikhoza kulowa m'sewero m'malo motayidwa: "Choimbira chimene chikataya nkhodolero chisanduka gule wa Angoni (2)." Mwana wodzaza kalozera ameneyu waphunzira lamulo la kalembedwe osadziwa kuti akuphunzira.

Njira yachitatu ndi ya kutembenuza mawu. Angerezi amakonda kusakaniza malembo kapena kuwerenga mawu chobwerera, koma m'Chichewa kuwerenga malembo chobwerera kumabala zopanda pake, chifukwa mawuwo amathera ndi lembo lopanda liwu: leka asanduka akel. Ana athu akafuna kulankhula zoti akulu asamve amatembenuza maphatikizo, ndipo njira yawoyo ndiyo yoyenera chilankhulo. Le-ka akatembenuka ndi ka-le. Ma-na akatembenuka ndi na-ma. Sa-la akatembenuka ndi la-sa. Tsono tikhoza kulemba kuti, "Kaniza mnzako chakudya; ukatembenuka, nena bodza (2)," yankho n'kukhala mana. Apanso tikuona kuti sewero la mawu m'Chichewa limayenda ndi phatikizo, ndipo bokosi la phatikizo ndi kalozera wa mtundu umenewu ndi mtondo ndi munsi wake.

Njira yachinayi ndi ya mvekero. "Ndiwo zopanda mchere, mudzi wopanda anthu" ndi zii. Mvekero ndi chuma chimene zilankhulo za ku Ulaya zilibe mochuluka chotere, koma wokonza achenjere, pakuti wina amalemba psu, wina psuu, wina kutalikitsa koposa. Asankhe mvekero umene kalembedwe kake kali mu mtanthauziramawu, ndipo atchule kuti yankho ndi mvekero.

Malire a chilungamo

Pali zinthu zitatu zimene zimasiyanitsa kubisa ndi kunama, ndipo wokonza aliyense azisunge.

Choyamba ndi mgwirizano wa mawu. Mu kalozera wa mtengo uja, u wa mu "amaukwera" akuuza wodzaza kuti yankho ndi dzina logwirizana ndi u. Mu wa khungu, "nalo" akuloza ku gulu la Li-Ma. Umenewu ndi mwayi umene Chichewa chimapereka mwaulere: kalozera amanyamula kachizindikiro ka gulu la yankho lake. Wokonza amene alemba kuti "amachikwera" pamene yankho ndi mtengo, pofuna kuti anthu avutike, sanabise kanthu. Waphwanya malamulo a chilankhulo, ndipo wanama. M'mapepala amene tinaona muli kalozera wakuti "Timazidya ndi nsima" pamene yankho ndi bonongwe. Amene analemba ndiwo kapena nyemba sanalakwe. Analakwa ndi wokonza.

Chachiwiri ndi maonekedwe a mneni. Ngati mayankho onse a aneni ayamba ndi ku-, pepala lidzadzaza ndi ku, ndipo wodzaza adzalandira bokosi loyamba mwaulere nthawi zonse. Mabuku otanthauzira mawu amasanja aneni potsata tsinde, ndipo ndi bwino mpingasamawu atsate zomwezo. Koma kalozera agwirizane ndi yankho: ngati yankho ndi lima, kalozera alankhule molamula, monga "Gwira khasu", ngati yankho ndi kulima, kalozera ayambe ndi ku-, monga "Kugwira khasu".

Chachitatu ndi kudziwa amene ukuwakonzera. Kalozera wa mphika waukulu wa mowa ndi wachilungamo kwa ophunzira a ku Chimbiya, Linthipe ndi madera ozungulira, ndiponso kwa aliyense woyenda pa msewu wa M1. Kwa mwana wa ku Nsanje kapena wa ku Chipata ndi khomo lotseka. Chimodzimodzinso dzina la Chongoni, dera la zojambula za pamiyala limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006: limeneli ndi loyenera ngakhale m'nyuzipepala ya dziko lonse, pamene dzina la kamtsinje kodziwika ndi mudzi umodzi ndi loyenera m'kalasi ya pamudzipo basi. Mawu a m'madera nawonso asatayidwe, chifukwa mpingasamawu ndi malo abwino ophunziriramo kuti fulu ndi kamba ndi nyama imodzi. Koma kalozera achenjeze wodzaza ponena kuti "monga anenera ena".

Pomaliza

Kwa aphunzitsi tikuti: yesani mpingasamawu wa maphatikizo, ngakhale wa mawu khumi okha, ndipo musanaupereke kwa ana, yang'anani yankho lililonse mu mtanthauziramawu. Aloleninso ophunzira apeke akalozera awoawo n'kuponyerana monga zilapi, pakuti wopeka kalozera wa khungu kapena wa mtengo waphunzira zambiri za chilankhulo kuposa wongodzaza mabokosi.

Kwa akonzi a nyuzipepala ndi mabuku tikuti: mpingasamawu auwerenge munthu wachiwiri amene sanaone mayankho, monga momwe nkhani iliyonse imadutsira m'manja mwa mkonzi. Ngati munthuyo wapeza mayankho awiri okwana m'mabokosi omwewo, kalozera abwerere kwa mwini wake. Pamwamba pa seweroli palembedwe ngati bokosi likulandira lembo kapena phatikizo, ndipo ngati ndi lembo, panenedwe poyera kuti ng' akhala m'bokosi limodzi.

Kwa alembi tikuti: musachione chopepuka kupeka kalozera. Kuika chinthu chodziwika m'mawu asanu ndi awiri, moti womva asokere koma pambuyo pake avomereze, ndi ntchito ya mlakatuli. Alembi a Chichewa akaisiya ntchitoyi, idzagwiridwa ndi omasulira mipingasamawu ya Chingerezi, ndipo ana athu adzakula akuganiza kuti nthabwala za nzeru zimatheka m'chilankhulo cha eni okha.

Kwa ogwira ntchito ya kalembedwe ndi kaumbidwe ka mawu, mpingasamawu ndi sikelo yoyezera malamulo athu. Paliponse pamene wokonza wazengereza kuti awerenge mabokosi angati, pamenepo pali lamulo limene silinafike kwa anthu kapena limene silinamveke bwino. Mndandanda wa malo oterowo, wosonkhanitsidwa kuchokera kwa aphunzitsi a m'madera osiyanasiyana, ungathandize kwambiri pamene malamulo a kalembedwe adzaunikidwenso.